Mgolo Wopita ku Dedza

Fakitale ya ku Blanchardstown, ku Ulaya, komwe Dominiko ankagwira ntchito inkakuta zogwirira zitseko za galimoto, zapulasitiki, ndi chitsulo chonyezimira chotchedwa kromu. Mu Malichi 2024 anasiya mankhwala akale ofiirira, aja amati kromu sikisi, n'kuyamba atsopano obiriwira, kromu firii.

Tsiku lochotsa akalewo kunabwera anthu a kampani ina atadziphimba thupi lonse, maso ali m'magalasi. Ngakhale migolo yopanda kanthu ankainyamula mosamala ngati maliro.

"Yopanda kanthuyinso akuiopa?" Dominiko anamufunsa Jimmy, kapitawo wake.

"Utsuke mpaka manja atupe, mnzanga, sungadziwe kuti zatha," anayankha Jimmy. "Zinthu zimenezi zimayambitsa khansa. Ukuganiza tikusinthiranji?"

Dominiko anakumbukira zimene anachita. Mu 2021 anatenga mgolo umodzi wotere, wabuluu, wa chivindikiro cholimba. Anautsuka ndi sopo kuseri kwa nyumba ku Balbriggan komwe ankakhala, nathiramo zovala ndi mabulangete, n'kutumiza kwa mlongo wake Ellen ku Dedza, monga amachitira Amalawi anzake. Zovala zimatha. Mgolo kumudzi sutayidwa.

Anatuluka panja pamvula osavula n'komwe magolovesi. Anawakoka ndi mano kuti aimbe foni.

"Achimwene! Lero mwatikumbuka masanasana?" anatero Ellen.

"Achemwali, mgolo uja uli kuti?"

"Moni kaye, bambo a ku Ulaya."

"Mgolo uli kuti?"

"Pakhonde. Ndiye chuma chathutu. Madzi akumwa amazizira bwino mmenemo, ana safunanso a mumtsuko."

Dominiko anatsamira khoma.

"Tayani madziwo. Pompano. Mgolowo muuboole, wina asautole."

Ellen anaseka. "Kuboola mgolo wabwinobwino? Nanga taumwera zaka zonsezi, wafa ndani?"

"Munali mankhwala oipa. Sapha lero, amadya munthu pang'onopang'ono. Chonde, Ellen."

Kusekako kunatha. Chiyambire, anali asanamutchulepo dzina choncho. Patali Dominiko ankamva nkhuku, kenako mawu a mwana ndi kapu yachitsulo ikugunda pulasitiki.

"Yande!" Ellen anakuwira mwana wake wamng'ono. "Siya kapuyo! Siya!"

Kenako anabwerera pafoni, mawu atatsika.

"Achimwene, kodi kuchipatala ndikanene kuti anawa amwa chiyani?"

Dominiko anabwerera mkati mothamanga kukawerenga dzina lenileni la mankhwalawo pa mgolo, anthu aja asanakweze migolo yonse m'lole.