Masiku Khumi a Mbawa

Amuna anga, a Swaibu, ankadziwa mbalame kuposa abale awo. Mwana wa mlongo wawo akabwera kudzationa ankayamba amufunsa kuti, "Paja ndiwe yani?" Koma kambalame kakangoti tswii kuseri kwa nkhokwe, ankakatchula dzina, kumene kachokera ndi mwezi umene kadzabwerere. Ine zinkandinyansa, sindibisa. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndinangozolowera.

Matendawa anawatengera kuntchito. Tinkakhala pa esiteti ya fodya kufupi ndi nyanja ya Chiuta, ndipo mabwana a pamenepo anali ndi bwalo lawo la gofu, masewera aja munthu wamkulu amamenya kampira koyera n'kumakalondola yekha. A Swaibu anayamba ndi kunyamula zikwama za ndodo zomenyera kampirako. Mzungu wina wokalamba, amene ankaphonya mpira chifukwa choyang'ana m'mitengo, anawakonda, ndipo pobwerera kwawo anawasiyira magalasi oonera patali. Kuyambira tsiku limenelo magalasiwo anasanduka mkazi mnzanga. Ankagona m'kathumba kawo, ankapukutidwa ndi kansalu kofewa, ndipo ine sindinkaloledwa ngakhale kuwasuntha posesa.

M'chaka cha 1979 a Swaibu anali kapitawo wa amuna makumi awiri oswa mphanje. Manijala watsopano, a Blasius, munthu wa nsapato zoyera ndi mawu a m'mphuno, analamula kuti kankhalango kamene kanali pakati pa nyumba za mabwana ndi nyanja kachoke. Ankafuna kuwonjezera bwalo, ndiponso kuti alendo a m'tauni odzasewera pa Khirisimasi aziona madzi ali khale pakhonde. Ntchito ya kapitawo inali kugawa ndime m'mawa uliwonse: iwe udula kuchoka apa kufika apo, iwe uzula zitsa izi.

Tsiku lina kumayambiriro kwa Novembala ndikuyanika matemba pathandala, ndinangoona a Swaibu atulukira dzuwa lili pamutu.

"Mayi a Lukiya, tiyeni mukaone."

"Ndikaone chiyani? Akabawi akatola nsombazi mundigulira zina?"

"Tiyeni basi."

Ananditengera pakati pa kankhalango, pansi pa mbawa yaikulu yoti anthu atatu sangaifungatire. Anandikhazika pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zonse zija anandigwiritsa magalasi awo. Anandilozera pamene thunthu lagawikana. Panali mphako yomatidwa ndi matope, n'kungotsala kamng'alu kolowa zala zitatu. Tinadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenaka kunamveka kulira ngati kwa khanda losiyidwa, ndipo chimbalame chakuda chamimba yoyera, chokhala ndi chipewa pamlomo, chinatera pamng'alupo. Chinayamba kutulutsa nkhuyu kukhosi, imodziimodzi. M'kati munatuluka nsonga ya mlomo wina n'kumalandira.

"Ndi kakamira," anatero a Swaibu monong'ona. "M'katimo muli wamkazi. Anadzimatira kuti aikire. Nthenga zonse anathothola, sangauluke. Amakhalamo miyezi itatu, chakudya akulandirira pakampata apo, mpaka nthenga zimere, mwana akule. Ndinaona akumata. Atsala ndi masabata asanu ndi limodzi."

"Nanga mtengo ukagwa?"

"Afera momwemo ndi mwana yemwe."

Ndinawabwezera magalasi ndikukumbuka chinthu chimene sitinkachitchula m'nyumba mwathu. Mu 1966, Lukiya ali kumsana, munthu wina anakanena kuti a Swaibu anyoza khadi la chipani. Anawatsekera miyezi itatu m'kachipinda kopanda zenera. Pansi pa chitseko panali kampata kolowa dzanja, ndipo mlonda wina wachifundo ankayang'ana kumbali ine ndikamakankhirapo chinangwa chophika ndi makumba owamba. Nkhope yawo sindinkaiona, ndinkangoona zala. Atatuluka sananenepo kanthu za miyezi imeneyo, ngakhale kuti zikomo, ndipo zimenezo zinkandiwawa mumtima ngakhale sindinkafunsa.

Kuyambira mmawa mwake ndime zinayamba kugawidwa modabwitsa. Woswa mphanje aliyense amadziwa kuti umayamba wagwetsa mitengo ikuluikulu, tchire limaphwanyika lokha. A Swaibu anayambira m'mbali, mozungulira, ngati munthu wakudya phala lotentha. Chitsa chilichonse chinkazulidwa mpaka kamuzu kotsiriza, dzenje likwiriridwe, lipondedwe, lisalazidwe. Anthu awo anazindikira msanga, pakuti mbalame yolira ngati khanda sibisika. Ena ankaseka, ena ankangopukusa mitu, koma panalibe anakanena kuofesi.

Komabe nkhalango si nyanja, imatha. Pofika sabata yoyamba ya Disembala panatsala mitengo iwiri pabwalo loyera mbee: mbawa ija ndi mkuyu umene kakamira wamwamuna ankatolamo chakudya. A Blasius anabwera pagalimoto Lachiwiri m'mawa. Ine ndinali pomwepo, nditabweretsa thobwa.

"Che Swaibu, iwiri iyi ikudikira ndani?"

Amuna anga akanatha kunama. Akanati mbawa ikufuna ocheka matabwa ochokera ku Balaka, ndipo manijala akanakondwa. Ine ndinawatsinzinira diso mpaka chikope kuwawa. Iwo anavula chipewa n'kunena chilungamo chonse, za mphako, za matope, za nthenga.

A Blasius anaseka, kenaka anasiya kuseka.

"Ndiye mwezi wathunthu mwakhala mukuchedwetsa chitukuko chifukwa cha mbalame?"

Mawu akuti kuchedwetsa chitukuko masiku amenewo sanali mawu wamba. Amuna makumi awiri aja anayang'ana pansi onse.

"Komanso," anapitiriza a Blasius, akuyang'ana pachifuwa pa amuna anga, "munthu amene anatsekeredwapo, kumayenda ndi magalasi otere, Mozambiki ili tsidya apo. Ayufi a chipani atafunsa, ine ndiyankha chiyani?"

A Swaibu anavula chingwe cha magalasi m'khosi pang'onopang'ono n'kuwapereka ndi manja awiri.

"Tengani, bwana, asakuvutitseni. Ukapitawonso mupatse wina. Ine ndikungopempha masiku khumi a mtengo uwu."

Manijala anawatembenuza magalasiwo uku ndi uku, anayang'anira kunyanja, ndipo zinaonekeratu kuti awakonda.

"Lachisanu la sabata ya mawa. Mudzayamba kuudula ndinu, ndi dzanja lanu. Mkuyuwo ugwe lero. Lucius, kuyambira pano kapitawo ndiwe."

A Lucius anali Mkatolika wa kwa Kalembo, munthu wosakonda phokoso. Anagwetsa mkuyu asakuyang'ana amuna anga kumaso.

Kunyumba ndinawasambitsa chokweza, mpaka nkhuku zinathawa pakhonde.

"Ukapitawo wapita! Magalasi amene ine sindinkaloledwa kuwakhudza mwapereka ngati mpiru wotsala pamsika! Kunama pang'ono kukanakuthyolani khosi? Bambo a Lukiya, ndinu munthu kapena chiyani?"

Anandiyang'ana ngati sanamve. "Mkuyu wagwa," anatero. "Wina uli kutali, kuseri kwa zigafa za fodya. Wamwamunayo sakwanitsa maulendo."

Zinali zoona. Mmawa mwake ndinadutsa dala cha kumbawa popita kukagula nsomba, ndipo ndinaona chimbalame chija chikubwera mochedwa, mlomo yasa, nkhuyu zitatu zokha. M'kati mlomo wina unkangogogoda pamng'alu. Ndinaima pamenepo ndikudzitukwana. Kenaka ndinabwerera kunyumba, ndinathyola papaya wakupsa kuseri kwa bafa, ndinatola mango ofewa, n'kukaziika pachitsa cha mkuyu nditazidula timapisi. Tsiku loyamba anyerere ndiwo anadya. Tsiku lachiwiri kakamira anatera, anandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kutola.

Choncho ndinayambanso ntchito yanga yakale yonyamulira chakudya wotsekeredwa. Amayi anzanga kudooko ankandifunsa ngati ndatsegula hotela ya mbalame. Ndinkawayankha kuti makasitomala anga ndi aulemu kuposa amuna awo. A Swaibu, amene tsopano ankazula zitsa ngati wina aliyense, ankangondiona ndikudutsa ndi lichero. Ndinaphunzira kukhala duu osasuntha, ndinaphunzira kuti wamwamunayo amayamba watera panthambi youma asanapite kumng'alu, ndipo ndinayamba kusiyanitsa mawu awiri m'mphakomo, aakulu ndi aang'ono. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinabadwa wosadekha, koma ndinayesetsa.

Lachitatu la sabata yachiwiri ndinamva kugogoda kwachilendo, ndipo tinthu ta matope ouma tinagwera palichero. Lachinayi kamng'alu kanakula pang'ono. Basi pomwepo.

Lachisanu linafika. A Blasius anaimika galimoto, magalasi a amuna anga ali m'khosi mwawo, n'kunena kuti pobwera kuchokera ku Liwonde madzulo asadzapeze mtengo uli chiimire. A Swaibu ananola nkhwangwa kwa nthawi yaitali kuposa imene munthu amanolera nkhwangwa. Kenaka anasesa patsinde. Kenaka anayamba kusema mizu ikuluikulu ya m'mbali, umodziumodzi, akuyang'ana kumwamba nkhwangwa ikalira. Thukuta ndi misozi sizinkasiyanika pankhope pawo. M'mphako munali zii.

Dzuwa litafika pamutu, Asilamu onse anatula zida kuti apite ku Juma, monga zinkakhalira Lachisanu lililonse. A Lucius anawayandikira.

"Pitani mukaswali, Che Swaibu. Koma mukabwera palibenso kozembera. Tigwirapo tonse, ndilibe mphamvu ina."

"Ndamva, a kapitawo."

Anayang'ananso mphako kamodzi n'kutsata anzawo. Pansi pa mbawa tinatsala awiri, ine ndi a Lucius, amene anakhala pachitsa kumadya chimanga chootcha.

Phokoso la nkhwangwa litatha, wamwamuna uja anabwera. Sanapite kumng'alu. Anatera panthambi youma, chipatso chili kumlomo, n'kumalira, osachipereka. M'kati kugogoda kunayambiranso, mwamphamvu tsopano. Chibuma cha matope chinagwa n'kusweka pafupi ndi phazi langa. Kenaka china. Mutu unatuluka, unabwerera, unatulukanso, ndipo thupi lonse linadzikoka movutikira ngati munthu wotuluka pazenera. Anali wothimbirira, nthenga zopindikapindika, mchira wokhota chifukwa cha kupanikizika. Anaima pakhomo pa mphako akuphethira, kuwala kukumulasa m'maso. Anadzikung'untha, fumbi linati fuu, n'kudumpha. Anatsika mpaka ndinati agwa, koma mapiko anagwira mphepo, n'kukatera pambali pa mwamuna wake.

Mwanayo anativutitsa. Ankasuzumira n'kubwerera, makolo akumuitana. A Lucius anaiwala chimanga m'manja, akungoti, "Tiye, iwe, tiye!" Potsiriza anatuluka, anagwera panthambi yam'munsi, anapuma, ndipo atatuwo anauluka motsogozana kupita kumikuyu ya kuseri kwa zigafa. Ine, mayi wa ana anayi, ndinaluluta ndekha pabwalo la gofu.

Amuna aja atabwera, a Swaibu anaona mphako ili pululu ndi zibuma pansi. Anaima chilili.

"Atuluka," ndinatero. "Onse awiri. Mwaphonya, bambo. Zaka zonsezi kuyang'ana m'mitengo, lero waona ndine, wopanda ndi magalasi omwe."

"Alihamudulila," anatero. Anakhala pansi pamuzu umene anasema m'mawa. "Ndiuzeni zonse. Musadumphe."

Ndinawafotokozera, amuna makumi awiri atatizungulira, a Lucius akuvomereza. Anandifunsa za mchira, za maso, za mbali imene anaulukira, ndipo ndinayankha zonse osaphonya. Ndinaona kuti akundinyadira, inenso ndinkawanyadira, munthu wopanda udindo, wopanda magalasi, malaya ong'ambika paphewa.

"Nanga wamwamuna anali pati potuluka mkaziyo?"

"Panthambi youma. Chakudya chili kumlomo, akudikira."

Anatola chibuma chimodzi n'kumachitembenuza m'manja.

"Tsiku limene ananditulutsa, inunso munali pansi pa mthethe, tsidya la msewu," anatero osandiyang'ana. "Lukiya kumsana, mbale yokulunga m'nsalu yobiriwira. Kuwala kunkandilasa, koma ndinakuonani. Masiku makumi asanu ndi anayi, simunajombe ngakhale limodzi. Ndinkawerenga zala zanu." Anakweza maso. "Sikomo, Nafisa."

Dzina langa limenelo anali asanalitchule chikwatirane, ndipo analitchula pamaso pa anthu. Ndinangoti, "Mwachedwa nazo," ndikupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Anaika chibumacho m'lichero mwanga, anaimirira, analavulira m'manja n'kutola nkhwangwa.

"Tiyeni, amuna anzanga," anatero. "M'nyumbamo mulibe munthu."