Kuperekezana ku Saskatoon

1.
Thambo.

Ndicho choyamba. Kwathu ku Chitakale phiri la Mulanje limadya theka la kumwamba, theka lotsalalo n'kulimbirana ndi mabulugamu. Kuno ku Saskatoon, m'zidikha za pakati pa Canada, palibe chodya thambo. Limayambira kuphazi lako lamanzere n'kukathera kuphazi lako lamanja. Nditatuluka pabwalo la ndege ndinangoima, khosi m'mwamba ngati nkhuku ikumwa madzi, mpaka amayi anandikoka mkono. Iwe Ndaziona, suntha, anthu akufuna kudutsa.

2.
Amayi anabwera kuno ine ndili sitandade 4. Amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Bambo anafa ziwalo mbali imodzi ndili Fomu 2. Kuwasambitsa ankabwera bambo aang'ono, zotsala zonse zinali zanga, kuwadzutsa, kuwamwetsa phala, kuthamangira kusukulu, kuthamangiranso kunyumba. Nditangolemba mayeso a Fomu 4 mapepala anga anatuluka, amayi n'kuti bwera udzaone kaye.

Kaye.

Pakhomo tinasiya azakhali, omwe ananeneratu poyera kuti mvula yoyamba ikangogwa iwo abwerera kumunda kwawo ku Chiringa, ena adziwe chochita. Ndiye wina ayenera kubwerera kwa bambo, ndipo wina ameneyo dzina lake aliyense akulidziwa. Koma mapepala akundilola kukhala. Masukulu akuno amatsegula Seputembala. Chatsala ndi liwu limodzi la amayi.

Khala.

3.
Tiye undiperekeze, anatero amayi m'mawa mwake nditafika, akumanga duku.

Ndinkayesa tikukagula ndiwo. Tinatsika basi pafupi ndi mtsinje. Mtsinje waukulu, wofatsa, woyenda ngati mayi wachuma amene sathamangira minibasi, ukudula mzinda pakati, ndipo pamwamba pake milatho, uwu wachitsulo, uwu wopindika ngati mauta, uwo wa sitima. M'mbali mwake muli njira ya anthu, amati Meewasin, ndipo anthuwo palibe kumene akupita. Akungoyenda. Agogo aamuna pa njinga, atavala kabudula. Mtsikana akuthamanga popanda womuthamangitsa. Galu m'kangolo ka mwana. Chakumtunda kuli hotela yakale ya madenga osongoka, yofanana ndi nyumba zimene ndinkajambula kumbuyo kwa kope la masamu. Ndinawauza amayi kuti ukwati wanga udzachitikira mmenemo. Anati uyambe wapeza mwamuna, ndipo asakhale wa kabudula.

4.
Zimene ndazikonda popanda kupempha chilolezo:
dzuwa lokana kulowa, ife tadya kale chamadzulo ilo likadali pakhomo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika
anthu othokoza dalaivala potsika basi
laibulale yobwereketsa mabuku osafunsa kuti ndiwe mwana wa yani
nyumba ya zojambula ya Remai Modern, magalasi okhaokha moyang'ana mtsinje, momwe ndinaima kutsogolo kwa nkhope ya maso awiri mbali imodzi mpaka nayo inandizolowera
timitanda tofewa toika mbatatesi mkati, ta anthu amene makolo awo anachokera ku Ukraine
mphepo, imene kuno ilibe wowiringula naye

5.
Iwe Saskatoon, akuti dzina lako ndi la kachipatso ka m'tchire m'chilankhulo cha a Cree, eni nthaka, ngati kwathu titatcha mzinda wathunthu kuti Masuku kapena Nthudza, ndipo ine ndakulawa kale m'chitumbuwa cha pamsika wa alimi, wotsekemera, wosiya lilime lofiirira, ndiye usandiyang'ane ngati mlendo chifukwa ndasankha kale benchi langa pafupi ndi mlatho wa ku Broadway, ndasankha kale zenera langa pa yunivesite yako ya miyala yotuwa pomwe ndidzakhale ndikuwerenga chisanu chako chija amandiopseza nacho chikugwa, ndasankha ngakhale jekete, lofiira, ndipo munthu amene adzandigwire dzanja ndikuphunzira kuterera pa madzi oundana nkhope yake sindinaione koma alipo, akudikira basi penapake osadziwa kuti ndafika, ndiye tandinenerako kwa amayi angawa, iwe wa milatho yambiri chonchi ungalephere bwanji kuolotsa munthu mmodzi

6.
Amayi, za sukulu zija, ndinatero. Akuti malo amatha.
Ndamva.
Ndiye?
Tiye undiperekeze.

Ulendo uno kunyumba yosungira zakale, momwe anamangamo msewu wathunthu wa chaka cha 1910 pansi pa denga limodzi, masitolo, tchalitchi, kosula zitsulo, siteshoni ya sitima. Amayi anakakamira pa makina osokera opalasa ndi mwendo, enieni a telala wa pakhonde pa Chitakale, n'kuseka mpaka misozi. Akuti zimene kwathu zimadyetsa banja kuno amazitchingira ndi chingwe kuti anthu asakhudze. Ine ndinaseka ndi mano okha.

7.
Mawu a bambo ojambulidwa pa foni, azakhali atawagwirira. Lilime lawo limalemera, mawu amatuluka limodzilimodzi.

Ndazi. Ndi ine. Akuti kumeneko kulibe phiri. Nanga mukasochera mumayang'ana chiyani? Kuno chiperoni chatseka, tiyi sakuoneka. Azakhali ako phala amaphika lamadzimadzi, koma usawauze. Uone zonse, mwana wanga. Uone mokwanira. Usathamange.

Ndinamvera kamodzi. Kachiwiri sindinathe. Kodi munthu angakonde bambo ake ndi mtima wonse n'kumapempherabe kuti asabwerere kwa iwo?

Angathe. Ndine.

8.
Anti Rozina ndi a ku Ntcheu. Amagona chipinda choyandikana ndi chathu, amagwira ntchito limodzi ndi amayi, ndipo galimoto ndi yawo. Loweruka anatitulutsa kunja kwa mzinda.

Chikasu. Kumanzere chikasu, kumanja chikasu, mpaka kumene dziko limathera, thambo litavundikira pamwamba ngati beseni labuluu. Amati kanola, amayenga mafuta ophikira. Amayi anati taima kaye, n'kutsika, kuthothola tsamba, kulifikisa m'manja, kununkhiza.

Rozina, uyutu ndi repu. Repu yense uyu angomusiya achite maluwa. Kodi anthu akuno tomato alibe?

Anti anaseka mpaka kugonera chiwongolero. Koma amayi atasunthira patali m'mbali mwa mundawo, anti anatembenukira kwa ine. Anati zaka zonsezi amayi ako malo amene mukuyendawa sanapondepo, ngakhale mtsinje amangouonera pazenera la basi popita ku shifiti, ndipo aka n'koyamba kutenga tchuthi chachitali, kuntchito tonse tadabwa. Anafuna kuonjezera china. Anachimeza.

9.
Kwathu mlendo sachoka yekha. Umamunyamulira chikwama, umayenda naye, ndipo nkhani zimene zinakanika m'nyumba zimatulukira m'njira. Ukafika pokhota umati ine ndibwerere pano.

Kamtsikana ka sitandade 4 kagwira chikwama cha mayi ake mbali imodzi, bambo ake mbali inayo, nthawi imeneyo manja onse awiri akugwira. Njira ya m'munda wa tiyi. Pakamlatho ka matabwa njirayo imakhota, munthu amalowa kuseri kwa mabulugamu, basi, wapita. Phiri limathandiza. Limabisa msanga.

Kuno kulibe pokhota. Munthu akachoka ungamuone msana mpaka mawa.

10.
Khala.

Sananenebe.

11.
Tiye undiperekeze.

Wanuskewin, kumpoto kwa mzinda pang'ono, chigwa chimene eni nthaka akhala akusonkhanamo kuyambira makolo a makolo awo. Mayi wotitsogolera anatisonyeza mahema osongoka ndi phompho limene kale alenje ankathamangitsirako njati. Njati zakuno n'zaubweya, za linunda, mutu pansi ngati zikuganizira mlandu. Mayiyo anati zinatheratu m'dera lino, udzu unakhala zaka zambirimbiri osamva ziboda zake, kenako anthu anakazitenga kwina n'kuzibwezeretsa. Tinaziona patali, ana ake ofiira ngati dothi lakatondo. Ine mtima unali kuuluka. Amayi anafunsa m'Chingerezi chawo chaulemu chija ngati njatizo zinawazindikira malowo zitabwerera. Mayiyo anaseka, anati sanazifunse, koma zinayamba kubereka. Amayi anangoti ooh.

12.
Ndine wa Fomu 4, kuphatikiza ndimadziwa. Mwini mudzi sathamangira kuona mudzi wake. Amene amamuzunguza paliponse, kumulawitsa ichi, kumujambula apo, ndi mlendo amene watsala pang'ono kupita, kuti akafika kwawo asakanene kuti sanamuonetse kanthu. Tchuthi chosayembekezeka. Bambo akuti uone mokwanira. Anti akumeza mawu. Onse akudziwa. Akundidyetsa mzinda ngati mbuzi ya Khirisimasi.

13.
Kosungira nyama zakutchire: sindinalankhule.
Pa bwato la alendo loyenda pansi pa milatho: sindinalankhule, ngakhale madzi ankanyezimira mwadala.
Ayisikilimu ku Broadway: ndinadya, koma mokwiya.

14.
Mlatho wa sitima uli ndi kanjira ka anthu oyenda pansi, m'mwamba kwambiri, ndipo munsi mwake madzi amagwa pa kakhoma kodula mtsinje, pomwe avuwo, mbalame zoyera za milomo ya thumba, amadikira nsomba. Amayi anati tiye undiperekeze, ndinakwera nawo masitepe, koma pakati pa mlatho ndinaima.

Sindipitirira, ndinatero. Ngati mukundibweza ingonenani. Musamandionetse zinthu zoti mudzandilande.

Anandiyang'ana, mphepo ikukoka duku lawo.

Kodi Chichewa unachisiya m'ndege? anafunsa. Masiku onsewa ndakhala ndikunena kuti chiyani? Ndinanenapo kuti tiye ndikakuonetse?
Mumati ndikuperekezeni.
Nanga woperekezedwa ndi uti, wotsala kapena wopita?

Pansi vuwo mmodzi anamiza mutu m'thovu.

Amayi anati kuntchito anatsanzika kale, amaliza kumapeto kwa mwezi wamawa. Anati ine ndikhala ndi Anti Rozina, ndipo za sukulu tikalembetsa Lolemba. Anati zaka zonsezi akhala akutembenuza amuna a eni ake, kuwapukuta pakamwa, wawo akutembenuzidwa ndi mwana, ndipo zakwana. Anati ankafuna auone kaye mzinda umene wawadyera zaka, kuti bambo akadzafunsa kuti kunali zotani asadzati kunali basi ndi makoma. Ndikanakuuza tsiku loyamba, anatero, bwenzi ukuyenda ukulira, ine osaona kanthu.

Ndinkayesa tsiku limeneli ndidzalumpha ndi chimwemwe. Sindinalumphe. Ndinagwira chitsulo cha mlatho, mzinda wonse uli patsogolo panga, milatho yake, madenga ake, mitengo yake, wanga, ndipo chimene chinatuluka m'kamwa mwanga ndi ichi.

Bambo mumawadzutsira kumanja. Kumanzere amamva kuwawa koma sanena. Supuni ikhale yaing'ono. Akati ndakhuta ndiye kuti achita manyazi, mudikire pang'ono n'kuwapatsanso. Wailesi ikhale pa mpira ngakhale aoneke ngati agona. Akakwiya musawafunse chifukwa, ndi mawu amene awathawa, muwapatse nthawi awapeze okha.

Amayi, amene adzutsa okalamba osawerengeka a mzinda uno, anasendera pafupi mpaka phewa lawo linakhudza langa.

Yambiranso, anatero. Pang'onopang'ono. Wati kumanja, eti?