Bowa wa m'Phiri la Semnoz

Solène ankapukuta bowa ndi kaburashi, mmodzimmodzi, mosafulumira. M'khitchini ya bambo ake bowa sankatsukidwa ndi madzi, ati madzi amapha fungo la nkhalango. Dengu linali pa tebulo pafupi ndi zenera, ndipo kunsi kwa zeneralo mtsinje wa Thiou unkadutsa uli bii chifukwa cha mitambo imene inakuta mapiri kuyambira m'mawa.

Bowayo anakamudula mbandakucha ndi a Fernand, bambo akewo, m'phiri la Semnoz. Lesitilanti yawo inali yaing'ono, koma mumzinda wa Annecy ankaidziwa chifukwa cha bowa wam'tchire wokazinga ndi kirimu, wothira pa buledi wootcha. A Fernand bowa sankazula. Ankadula ndi mpeni cha pamwamba, tsinde n'kulisiya m'nthaka kuti chaka chamawa adzamerenso. Ndi mmene anaphunzirira kwa bambo awo.

Solène anatola wina wobiriwira ngati anzake. Koma chipewa chake chinali choterera, ndipo kunsi kwake kunali mbee, kuyera kopitirira muyezo. Bowa wobiriwira wodyedwa mwendo wake umathyoka ngati choko. Anapinda mwendo wa uyu. Sunathyoke. Unangopindika, n'kung'ambika timizere ngati luzi.

Alipo bowa wina wobiriwira amene amakoma bwinobwino, munthu n'kugona osamva kanthu, pomwe chiwindi chayamba kale kufa. Amadziwika ndi kathumba ka kutsinde, koma tsindelo linali litatsala kuphiri. Anamubisa m'thumba la epuloni. Kenako anayang'ana mbale yaikulu imene inali pafupi ndi mbaula. Theka la dengulo bambo ake anali ataliduladula kale, zidutswa zonse zitasakanikirana.

"Iwe kamba," anatero a Fernand akulowa ndi mpukutu wa buledi m'khwapa, "ukupukuta bowayo kapena ukumusisita kuti agone?"

"Ababa," anayankha Solène chapansipansi, "bwanji tikamuonetse kwa mayi Brunier? Sanatseke."

Mayi Brunier anali ndi sitolo ya mankhwala kutsidya kwa mlatho, ndipo nyengo ya bowa anthu ankapitako ndi madengu awo kuti akawaonere.

"Kwa Brunier? Ine?" A Fernand anaseka mpaka kutsokomola. "Amene uja ndinamuphunzitsa ndine kusiyanitsa bowa ndi ambulera! Kumeneko kumapita anthu a ku Paris, olowa m'nkhalango ndi nsapato zoyera. Komanso akangoona mmodzi womukayikitsa amataya dengu lonse. Ndiye alendo anga adya chiyani, kaburashi kakoko? Galu wamkota sakandira pachabe, mwanawe."

Mayi ake, a Odile, ankapinda nsalu za pa tebulo pakona. "Safunsa anadya phula, Fernand," anatero osadzutsa mutu.

"Phula limenelo ndakudyetsa kuyambira tsiku la ukwati, taona mmene wanenepera nalo."

A Odile anaseka, koma podutsa pafupi ndi mwana wawo anamutsina pang'ono pamkono. Solène anamva tanthauzo lake: usawachititse manyazi.

Nkhani ya maso a bambowo m'nyumbamo inalibe woitchula. Chiyambire nyengo yotentha, a Fernand ankathira vinyo pambali pa tambula, mayi n'kupukuta mwakachetechete. Tsiku lina anapereka moni kwa jekete lopachikidwa pakhomo. Mchere ankauzindikira ndi zala. "Phiri lija ndi lokhalo lawatsalira," a Odile anamuuzapo Solène. "Ukawalanda dengu, wawaika m'manda." Ndiye Solène anakhala chete, monga mmene ankakhalira chete kusukulu ngakhale yankho akulidziwa.

Belu la pakhomo linalira. Anali Thibault, mnyamata wa kumzinda wa Lille amene anabwera dzulo lake kudzasungitsa tebulo la pazenera. Anasiyira a Odile mphete kuti adzaibweretse pa mbale ya keke, chifukwa ankafuna kufunsira mbeta chibwenzi chake, Noémie, akatha kudya. Lero anali naye. Onse awiri tsitsi linali litanyowa ndi mvula yowaza.

Solène anawapititsira buledi ndi botolo la vinyo woyera.

"Miyendo yanga yatha," anatero Noémie akuvula mpango. "Wandikweza bwato panyanja, wandilowetsa m'ndende yakale ija ili pakati pa mtsinje, kenako wandikokera ku mlatho wa zibwenzi."

"Amati mukapsompsonana pamenepaja simusiyana mpaka imfa," anatero Thibault. "Si choncho, achemwali?"

"Amatero," anayankha Solène.

"Uyu wapsompsona mphuno," anatero Noémie. "Amaopa anthu ojambula aja."

"Basi, mphuno yokhayo ndiye yanga mpaka kalekale. Zinazo tikambirana."

Solène anapendeketsa botolo, koma Noémie anatseka tambula yake ndi dzanja. "Ine madzi okha," anatero, dzanja linalo lili pamimba. Anayang'anizana ndi Thibault, onse n'kumwetulira ngati ana obisa shuga.

"Bowa uja alipo, eti?" anafunsa Thibault. "Tamuyendera ulendo wonsewu."

Solène anafuna kunena kuti bowa watha, adye nsomba ya m'nyanja. Koma anangogwedeza mutu.

Pobwerera ku khitchini anamva batala akulira m'chiwaya. Fungo la adyo ndi bowa linadzaza kanjira konse, fungo labwino, lomwe lija la masiku onse. Kunja mvula inakula, mabelu a tchalitchi akulira masana. Mayi Brunier anali akutseka sitolo tsopano.

A Fernand ankaimba mluzu. Anathira kirimu, n'kutakasa, n'kuika magawo a buledi pa mbale ziwiri. Anathirapo bowa, wina akugwera pambali pa mbale, ndipo a Odile anapukuta m'mphepetemo ndi kansalu.

"Nyamula, kamba. Azizira."

Solène sanasunthe.

"Wagontha? Ndati nyamula."

"Sindinyamula."

Mluzu unatha. A Odile anaima ndi kansalu m'manja.

Solène anatulutsa bowa uja m'thumba la epuloni, natenganso wina m'dengu, n'kuwaika onse awiri pa thabwa lodulira. "Ndiuzeni, ababa. Wodyedwa ndi uti?"

"Ukundiyesa? M'khitchini yanga?"

"Ndiuzeni."

A Fernand anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza thabwa. Anapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anasiya kuyang'ana, natola woyamba n'kupinda mwendo wake. Unathyoka, thyo. Anatola wachiwiri. Unapindika pakati pa zala zawo, timizere tikusomphoka.

Maso sanawauze kanthu, koma zalazo zinadziwa. Anamuika pansi pang'onopang'ono n'kupukuta zala pa epuloni, kupukuta, kupukutabe.

"Mmodzi yekha," anatero ndi mawu osasa. "Wamupeza, wamuchotsa. Basi."

"Mmodzi yekha mwa amene ndapukuta ine. Nanga amene munaduladula nokha aja anawaona ndani?"

Onse atatu anayang'ana mbale ziwiri zija zikufuka nthunzi. Kuchipinda chodyera Noémie anaseka mokweza.

Apa m'pamene Solène anaona supuni yamtengo ili pambali pa chiwaya. Kunsi kwake kunali kirimu, koma mkati mwake munali mosalala, monyambitidwa.

"Ababa, mwalawa?"

"Wophika salawa?" anatero, akuyesa kuseka. Sizinatheke.

"Kangati?"

A Odile anakhala pansi pa kampando, kansalu kali pakamwa.

Solène anatenga mbale zija n'kuzikankhira kutali ndi chitseko. Anakulunga bowa uja m'pepala kuti madokotala akamuone, nazimitsa mbaula.

"Amayi, imbani kuchipatala tsopano, musadikire kuti ayambe kusanza. Mukatero mukawauze alendo aja kuti lero kulibe chakudya, mnyamatayo mumubwezere mphete yake pambali." Anatembenukira kwa bambo ake, ndipo kwa nthawi yoyamba anawayang'ana m'maso osagwetsa nkhope. "Simukuona, ababa. Amayi akudziwa, ine ndikudziwa, inunso mukudziwa. Takhala tikupukuta vinyo pa tebulo ngati kuti ndi chikondi, lero tikanapha anthu atatu. Mukachira, kuphiri muzipita ndi ine, bowa tizizula ndi tsinde lomwe, ndipo dengu lizidzera kwa mayi Brunier. Mukakana, ine m'khitchini muno simudzandionanso. Valani jekete."