Lero Suthamanga

"Ndiye zitsulozi zizingokhala muno mpaka zichite dzimbiri?" alamu ake anafunsa mayi wamasiyeyo, akukankha ndi nsapato chitini cha penti chodzaza simenti.

Mayiyo anangopitiriza ntchito yake. Ankapinda mabulangete amene abale anafunda pamaliro, msana ukumuwawa. Mushedi yakuseri kwa nyumbayi ndi momwe malemu amuna ake, amene aliyense ankangowatchula kuti Akochi, ankaphunzitsiramo anthu masewera olimbitsa thupi. Tsopano mng'ono wawo ankaifuna kuti azisungiramo katundu wa mushopu.

"Ndiponso mwanayu, zothamangathamangazi zithe," alamuwo anapitiriza. "Ntchito yozimitsa moto ndi ya amuna. Abwere azidzagulitsa mushopu, azikuthandizani. Mwamuona mmene akuyendera?"

Mayiyo anali atamuona. Chiikireni maliro, mwana wake wamkaziyo sankakhazikika. M'mawa kuthamanga, masana kunyamula zitsulo, madzulo kuthamanganso, chakudya n'kungochitokosa. Mayeso olowera ntchito ya ozimitsa moto anali pafupi: kuthamanga, kukwera masitepe utasenza paipi, kukoka chidole cholemera ngati munthu. Bambo ake anamukonzekeretsa pang'onopang'ono, kumamuwonjezera katundu pokhapokha wakale akapepuka. Tsopano mtsikanayo ankatsimphina, n'kumayesa kuti palibe akuona.

Chitseko chakukhitchini chinatseguka. Mtsikanayo anatulukira atavala nsapato zothamangira, bandeji ikutukumula thalauzi pabondo.

"Ehe, basi ija yanyamukanso, tayala limodzi litaphwa," anaseka alamu.

"Mundipatseko njira, bambo aang'ono."

"Iwe, ukupita kuti?" anafunsa mayiyo.

"Kothamanga, amayi."

"Dzulo sunathamange?"

"Ababa akanakhalapo akanati..."

"Akanati chiyani? Usandiuze za bambo ako ine. Ndinawadziwa iwe kulibe."

Kunena zoona, za mushedimo sankazidziwa. Ankadana ndi fungo la thukuta, ndiponso phokoso la zitsulo linkamupweteketsa mutu. Koma chinthu chimodzi ankachidziwa, chifukwa chinkamutopetsa tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse, munthu asanamwe n'tiyi yemwe, Akochi ankamugwira pamkono ndi zala ziwiri zozizira, maso ali pawotchi yapakhoma, milomo ikugwedera. Aliyense wolowa mushedimo ankayamba wayezedwa choncho. Ankati mtima ukamathamanga mwini wake atangokhala, ndiye kuti thupi silinachire ku ntchito ya dzulo, ndipo mphamvu zimamera tsiku lopuma. Zibambo zamadzitho ankazibweza pageti zikunyinyirika, zina osabweranso. Iyeyo ankangosolola mkono wake. "Ndisiyeni, ndili ndi zochapa ine."

Anaponya bulangete pabenchi n'kumugwira mwanayo dzanja.

"Amayi, mukundichedwetsa."

"Khala chete."

Anafufuza ndi zala, osapapeza. Anasunthira kumunsi kwa chala chachikulu. Apo! Mtima unkagunda mofulumira, mopupuluma, ngati munthu wogogoda pakhomo agalu akumuthamangitsa. Chonsecho mwanayo anali atangodzuka kumene. Mayiyo sankadziwa kuwerenga kwake, koma apa sipanafunikenso kuwerenga.

"Lero suthamanga. Mawanso ayi."

"Ndikalephera, amayi! Ndikalephera ndiye kuti ababa anavutikiranji?"

"Ukalephera ukapita ndi mwendo umodzi. Vula nsapatozo. Udye, usambe, bondolo tikalionetse kuchipatala. Akati lili bwino, uyambiranso pang'onopang'ono, monga ankachitira eni akewo."

"Mwaona, mlamu, ndi zomwe ndimanena," anatero alamu. "Mwanayu angosiya."

"Ndati apume, sindinati asiye. Makutu munawasiya kushopu?" Anatola bulangete lija n'kulikutumula. "Shediyi ili ndi ntchito mpaka mayeso atatha. Chitinicho muchibwezere pomwe munachipeza."

Alamuwo anawerama kuti achinyamule ndi dzanja limodzi. Chinakana. Anachikhwekhwereza ndi manja awiri, akudandaula za msana, kenako anatuluka pageti osatsazika.

Mtsikanayo anakhala pabenchi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Ya kumanzere inavuta, mfundo inali itamangika. Analimbana nayo, misozi ikudonthera pansapatopo, ndipo mayi ake anamusiya alire. Anakhala pambali pake, maso ali pa zovala zosachapa zomwe zinaunjikana pakhonde.

Posakhalitsa anamva zala ziwiri pamkono pake. Sizinafufuze. Zinafikira pamalo pake penipeni, ndipo milomo ya mwanayo inkagwedera.

"Mankhwala a bipi mwamwa?"

"Ndimwa."

"Ababa ankandiuza kuti mumatero."

"Manja ako akuzizira," anatero mayiyo.

Zochapa zinali zikudikira. Mkono sanausolole.