Chitseko Chobiriwira M'filimu ya Kadzidzi

Teremu yachiwiri anandipatsa kuti ndiphunzitse ana a folomu 3 nkhani zoopsa, zimene buku la aphunzitsi limazitchula kuti Gothiki. Ndine mphunzitsi wa zisudzo, ndipo ndaphunzitsa ana kwa zaka khumi ndi chimodzi, koma mutu umenewu unali wachilendo kwa ine ndemwe. Tsiku loyamba ndinalemba pa bolodi zinthu zimene sizisowa m'nkhani zoterezi: nyumba yakale yodontha, chipinda chimene sichitsegulidwa, banja lobisa chinthu, wakufa wokana kuchoka.

"Musathamangire zilombo," ndinawauza. "Yambani ndi zimene mukuzidziwa. Nyumba iliyonse ili ndi ngodya imene anthu sakonda kuyang'anako."

Kenako ndinawagawa m'magulu a anthu asanuasanu. Gulu lililonse linayenera kulemba sewero, kulijambula pa foni kuti likhale filimu ya mphindi zisanu, ndipo kumapeto kwa teremu tidzaonetse zonse m'holo pamaso pa makolo.

Masabata oyamba anali a phwete. Ana anadzipaka ufa kumaso, anamaliza nsalu za pabedi za amayi awo. Gulu lina linandionetsa mzukwa wofunda bwinobwino, koma nsapato za sukulu zikuonekera pansi.

"Mzukwa wanuwu wachedwa ku asembule?" ndinafunsa, kalasi yonse n'kufa nazo.

Amene sankaseka anali mtsikana wokhala kumbuyo pafupi ndi windo. Anzake ankamutcha Kadzidzi chifukwa cha maso ake aakulu komanso kusayankhula. Anali wanzeru, koma kawirikawiri ankafika mochedwa, manja atatuwa ndi sopo. Gulu lake linamusiyira kulemba ndi kujambula. Wosewera wawo wamkulu anali mtsikana wamtali, wapakamwa, amene aliyense ankamuitana kuti Nsungwi.

Iwo ndiwo anayamba kumaliza. Lachinayi lina pa nthawi yopuma ndinakhala m'chipinda cha aphunzitsi, ndinavala zomvera m'makutu, n'kutsegula filimu yawo pa kompyuta. Munalibe ufa kapena magazi. Munali kanjira ka m'nyumba, kopapatiza, kopanda windo, ndipo kumapeto kwake chitseko chobiriwira chokhala ndi loko wamkulu. Nsungwi ankayenda pang'onopang'ono atanyamula mbale ya chakudya. Atawerama kuti aike mbaleyo pansi, m'chipindamo wina anagogoda kawiri. Kenako panamveka mawu a mayi, otsika, osathamanga.

"Mwanangu, kunja kwacha?"

Nsungwi anadzidzimuka mpaka supuni inagwa m'mbale. Mawu aja anabwereza funso lomwelo, ndipo filimu inathera pomwepo. Ndinaionera katatu. Ndinalemba malikisi apamwamba ndi pensulo, n'kuitanitsa Nsungwi kuti ndimuyamikire.

"Mwamupeza kuti wosewera wa m'chipindamo? Nonse asanu ndakuwerengani, palibe wa mawu amenewa."

Nsungwi, amene sasowa chonena, anayang'ana pansi.

"Madamu, sitinaikemo munthu. Tinajambula kwawo kwa Kadzidzi, ndipo iye anatiuza kuti m'nyumba mulibe aliyense. Ine ndinangomva mawuwo. Kumene kuja sindidzapitakonso."

Ana ataweruka ndinamutsalitsa Kadzidzi m'kalasi. Anakhala pa desiki yakutsogolo, chikwama chili pamiyendo. Sanadikire kuti ndimufunse kawiri.

"Ndi amayi anga."

Anafotokoza ngati akuwerenga nkhani ya munthu wina. Amayi akewo mutu unawasokonekera khanda lawo litamwalira. Anathawa pakhomo kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anakawapeza atayima pakati pa msewu waukulu, magalimoto akuwalambalala. Kuyambira pamenepo bambo ake, amene ndi telala, ankawakhomera m'chipinda akamapita kuntchito, n'kudzawatsegulira akaweruka. Panali patatha chaka ndi miyezi inayi. Kadzidzi ndiye ankawasambitsa ndi kuchapa zofunda zawo m'mawa uliwonse. Kwa oyandikana nawo ankanena kuti amayi anapita kwa achibale.

"Munati tiyambe ndi zimene tikuzidziwa," anatero.

Ndinamva manyazi ngati ndagwidwa ndikuba. "Tsono ukufuna ndichite chiyani, mwana wanga?"

"Muionetse m'holo. Abambo adzabwera. Aione anthu ali pomwepo."

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa ahedi. Anaionera kamodzi, anavula magalasi, n'kuwapukuta kwa nthawi yaitali.

"Madamu, iyi siioneka m'holo muno. Mayiwo sanavomere kuti mawu awo amvedwe ndi anthu mazana atatu. Ndipo mwanayo mawa anzake azimutcha chiyani?"

Apo sindinatsutse, ankanena zoona. Koma nditafunsa kuti nanga mayiwo titani nawo, anati ife ndi sukulu, si chipatala, ndipo za m'nyumba ya eni n'zovuta kuziponda. Analonjeza kuti alemba kalata ku ofesi yoona za mabanja. Ine ndinkawadziwa makalata a ahedi athu, amagona m'dilowa mpaka pepala kufiira.

Loweruka m'mawa ndinapita ndekha ku shopu ya telalayo, osamuuza Kadzidzi. Kanali kachipinda kakang'ono pakati pa ometa ndi wokonza mawayilesi. Mayunifolomu anali lende pa chingwe, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi. Mwiniwake anali bambo wowonda, wa imvi zoyamba kumene, tepi yoyezera ili m'khosi. Atamva kuti ndine mphunzitsi wa mwana wawo, anachotsa nsalu pa mpando kuti ndikhale.

"Walakwa chiyani, aphunzitsi? Kuchedwa kuja?"

Ndinawauza zonse. Phazi lawo linaima pa makina.

"Aona anthu angati?"

"Ana asanu, ine ndi ahedi."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma anayankhula motsitsa kwambiri. Anati poyamba anapita ndi akazi awo kuchipatala, ndipo atakawaona patatha sabata, akazi awo anawagwira malaya n'kulira kuti asadzawasiyenso kumeneko. Iwo analumbira kuti sadzawasiya.

"Ndikakhala pakhomo, ana adya chiyani? Ndikatsegula, ndikawatola pamsewu. Inuyo mukanatani, aphunzitsi?"

Ndinangonena kuti masiku ano kuli anamwino amene amayendera odwala oterewa, ndiponso kuti mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi sangasenze yekha katundu ameneyu. Anapempha kuti aione filimuyo, ndipo ndinawapatsa foni yanga. Anaigwira ndi manja onse awiri. Mawu a akazi awo atamveka, anatseka maso.

"Amafunsa chonchi tsiku lililonse?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Ine ndimakhala kulibe," anatero, n'kundibwezera foni. Anayambanso kusoka, ndipo ndinaona kuti mzere ukupita mokhota. Ndinatsanzika, iwo osadzutsa mutu.

Lolemba Kadzidzi sanabwere. Sabata yonse desiki yake inali yopanda munthu. Ndinkaphunzitsa ana kudula ndi kulumikiza zithunzi, koma maso anga ali kukhomo. Kunyumba mwamuna wanga anandifunsa kuti bwanji ndathira mchere kawiri, ine n'kumukalipira popanda chifukwa. Ndinkaganiza kuti mwina mwanayo wamenyedwa, mwina amusiyitsa sukulu, ndipo zonsezo ndazichititsa ine ndi mwendo wanga wopita kumene sunatumidwe.

Anabwera Lachitatu la sabata yachiwiri. Anadikira anzake atuluke.

"Munapita kwa abambo."

"Ndinapita. Anakumenya?"

"Bola akanandimenya. Sakundiyankhula. Akafuna madzi amatuma mng'ono wanga, ine ndili pomwepo."

Anati bambo ake anaitana mlongo wawo, azakhali ake a Kadzidzi, ndipo anakangana tsiku lonse. Pamapeto pake azakhaliwo anapita ndi amayi kuchipatala, ndipo akuwadikirira komweko. Potuluka m'nyumba amayi anaphimba maso chifukwa cha dzuwa, n'kugwira mphuthu za chitseko, moti anachita kuwamasula zala chimodzichimodzi.

"Si zimene umafuna?" ndinafunsa, ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndafunsa mopusa.

"Ine ndimafuna abambo achite manyazi, atsegule. Sindimafuna awatenge. Kale ndinkadziwa pamene ali." Anakonza lamba wa chikwama paphewa. "Munayenera kundiuza kaye, Madamu. Inali filimu yanga."

Ndinapepesa. Anagwedeza mutu ngati mmene munthu amachitira akapondedwa m'basi, n'kutuluka.

Gulu lake linatsala ndi masiku anayi kuti tsiku loonetsa lifike, ndipo linajambula ina mofulumira m'chipinda chosungira mabuku akale. Nsungwi anafunda nsalu ya pabedi n'kumabuula kuseri kwa mashelefu. Tsiku loonetsa makolo anaseka mpaka kupukuta misozi, ahedi n'kundigwira chanza kuti mutuwu wayenda bwino. Kadzidzi ndiye anagwira foni pojambula, koma anakana kuti dzina lake lilembedwe kumapeto. Telala uja sanabwere.

Teremu yotsatira Kadzidzi anabwera ndi fomu yopempha kusiya zisudzo kuti azitenga phunziro la zaulimi. Ndinafuna kumuuza kuti pa ana onse amene ndawaphunzitsa, palibe amene anali ndi diso ngati lake. Ndinaona kuti mawu amenewo angomupweteka, choncho ndinangosayina.

Za amayi ake ndinazimva kwa Nsungwi. Anatuluka patatha miyezi itatu, akumwa mankhwala, ndipo azakhali aja anasamukira pakhomopo. Masiku amene ali bwino amakhala pa mpando panja pa shopu, n'kumasokerera mabatani. Masiku ena saoneka, ndipo palibe amene amadziwa kuti kunyumbako zimakhala bwanji. Ndadutsapo kawiri panjira imeneyo, koma ndimayenda tsidya lina la msewu.

Kadzidzi ali folomu 4 tsopano, ndipo sachedwanso. Tikakumana pakhonde la makalasi amaima pambali mwaulemu, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, Madamu." Ndimayankha, ndipo ndisanawonjezere kanthu amakhala atapita kale.