Kachidutswa ka m'Phula

Patatha miyezi isanu chimwalirireni amuna awo, a Telala anamva kuti munthu amene anamuika m'manda uja sanali wathunthu. Kachidutswa kake kanatsala kuchipatala, m'kabati, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti mkazi wa munthu n'kumuuza.

Anawauza ndi dokotala wachitsikana wa zala zoonda, zooneka kuti sizinachapepo thewera. Anali m'kachipinda ka mipando itatu, iwo ndi mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, amene bambo ake ankamutchula kuti Kabatani kuyambira ali wakhanda mpaka wafika zaka makumi awiri ndi zinayi. Fani ya kudenga inkangozungulira, mphepo osabwera.

"Chotupa chija titachichotsa, mbali ina tinaisunga m'phula longa la kandulo," anatero dokotala. "Timatero ndi aliyense."

"Ndi aliyense," anabwereza a Telala.

Dokotala anatembenuza pepala n'kuyamba kujambula kumbuyo kwake. Anati thupi la munthu ndi timaselo tosawerengeka, ndipo m'kaselo kalikonse muli ulusi wautali wopotana uwiri, umene amautcha DNA. Pa ulusiwo ndi pamene palembedwa mmene thupi liziyendera.

"Ulusiwu umaduka, mayi. Tsiku lililonse, mwa inu, mwa ine. Koma muli mapuloteni, tingoti antchito, amene amathamangirapo. Ena amagwira nsonga ziwirizo kuti zisasowane. Ena amadulira mothetheka. Ndiye pali wina amene amakayang'ana pa ulusi unzake wofanana nawo, n'kutengera, kuti polumikiza pabwerere mwakale."

"Ngati juzi," anatero Kabatani. "Amayi akamaluka pobooka amayang'ana mkono winawo."

"Ndakufunsa?" anatero a Telala.

Kabatani anayang'ana pansi.

"Kwa amuna anu," anapitiriza dokotala, "tikuganiza kuti wantchito wotengerayo anali wosalongosoka chibadwire. Ulusi ukaduka, thupi linkangomanga mfundo mmene zagwera. Mfundo pa mfundo, zaka makumi asanu. Mapeto ake khansa. Mayi awo anapita ndi ya m'mawere, mlongo wawo chimodzimodzi. Si ngozi imeneyo. Mwanayu mwina anatengera, mwina ayi. Akadziwa, tiziyamba kumuunika msanga. Koma ulusiwo ndi wautali. Tikaona pamene panalakwika mwa bambo ake, tidzalunjika pomwepo mwa iyeyu n'kumuuza motsimikiza. Kuti titsegule phulalo, pakufunika inu musaine."

Fomu inakankhidwira patsogolo pawo, bolopeni pamwamba. A Telala anayang'ana mzere wosainapo. Anadikira kuti mwina alira, kapena amugenda dokotalayo ndi bolopeni yakeyo. Sichinabwere chilichonse. Anapinda fomuyo kanayi, ngati kapatani ka thumba la malaya, n'kuiponya m'chikwama.

Pakhonde pamene ankasokera, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni, aliyense ankadziwa lamulo lawo. Nsalu ya munthu ikatsalako, ngakhale kakang'ono ngati khutu la mbewa, ankakamanga ndi ulusi n'kukaika m'thumba la chovalacho. Telala wosunga zotsala za eni ake ankamutcha mbava ya pa mpando. Zaka makumi atatu sanasungepo kansanza ka munthu.

Fomu ija inagona milungu iwiri m'kadilowa ka makina osokera, pansi pa mabobini a ulusi.

Lachitatu lina kunabwera alamu awo, mng'ono wa malemu, dalaivala wa lole. Pa ana atatu a m'mimba imodzi anatsala okha. Anabweretsa thalauza long'ambika pokhalira.

"Alamu, mundipulumutse. Dzulo ndatsika mulole, amayi ogulitsa malalanje onse anaona zimene sanalipire."

"Muchepetse kudya. Chotsala cha nsaluyi chili kuti? Ndinakuikirani m'thumba."

"Aaa, ndinapukutira oilo."

"Ndiye muyenda ndi chigamba chosafanana, ngati matako a nyani."

Alamuwo anaseka, kenako anakhala pa benchi n'kuyamba kusewera ndi makiyi.

"Kabatani wandiuza za fomu. Musasaine, alamu. Achimwene asiyeni agone. Kudziwa kumaonditsa. Ine ndili pano, ndikudya, ndikuyendetsa lole, sindikudziwa kanthu, ndipo ndikugona tulo."

"Tulo take tomwe tikukutupitsani zikope ito?"

Makiyi anasiya kulira.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, Kabatani anatulukira kuchokera kusukulu ya mkaka kumene ankaphunzitsa, choko chili mbuu pa siketi. Anapereka moni kwa bambo ake aang'ono, n'kuima pafupi ndi makina.

"Amayi, dokotala waimbanso."

"Aziimba. Ali ndi mawu abwino."

"Ndimadzigwiragwira posamba, amayi. Tsiku lililonse. Ndikamva kanthu kolimba ndimakhala pansi m'bafa mpaka madzi kuzizira. Kenako ndimapeza kuti ndi nthiti yanga yomwe."

"Anaba," anatero a Telala, phazi likupondabe makina. "Ndinawasambitsa bambo ako miyezi isanu ndi inayi. Ndinawatembenuza, ndinawapukuta, ndinawanyamula ngati mwana. Ndinawasokera suti yopita nayo, ndinachepetsa m'chiuno kanayi. Anthu aja ankandiona tsiku ndi tsiku m'khonde mwawo muja ndi beseni. Wina kutsegula pakamwa kuti mayi, kachidutswa kena tasunga? Lero akufuna dzina langa pansi, kuti kubako kukhale kwaulemu."

"Ndiye ine ndidikire mpaka chidzachite kuoneka ndi maso, ngati azakhali?"

Wometa anazimitsa makina ake kuti amve bwino. A Telala anamuyang'ana mpaka anayatsanso.

M'mawa mwake sanatsegule pakhonde. Anapita okha kuchipatala, osati kwa dokotala uja ayi. Anafunsa wokolopa, wokolopa anawalozera masitepe otsikira pansi, kumene kunkanunkha mankhwala oboola m'mphuno. Anagogoda pa chitseko cha labu. Anatsegula bambo wa imvi, wovala gawuni yoyera yothothoka batani lachiwiri.

"Ndabwera kudzaona amuna anga."

"Mayi, ku mochale ndi uko."

"Ku mochale ndinatengako kale. Ndikufuna amene munasunga inu."

Bamboyo anawerenga fomu yopindikapindikayo, anawayang'ana, n'kuwapatsa mpando. Chipindacho chinali ndi makabati achitsulo mpaka kudenga, madilowa ang'onoang'ono ngati a mabatani m'sitolo ya nsalu. Bamboyo anayenda ndi chala pa manambala, n'kukoka imodzi.

Kanali kaphula koyera, kosaposa bokosi la machesi, kokhala pa kapulasitiki kolembedwa nambala ndi pensulo. Pakati pake panali kadontho kofiirira ngati khoko la nyemba.

"Ndi amenewa?"

"Ndi amenewa."

Anakalandira m'dzanja. Sikankalemera. Anafunafuna mumtima mwawo munthu amene ankaimba mluzu pometa ndevu, amene ankabisa masokosi obooka kuti asanyozedwe, koma m'dzanjamo munali phula basi. Ukali umene anasenza pa masitepe onse aja unangokhala chiimire, wosowa pogwera.

"Mumatani nako?"

"Ndimapala pang'ono ndi lumo la makina awo. Kopyapyala kuposa khoko la anyezi. Tikapala kasanu kapena kasanu n'kamodzi, zakwana. Kotsalako kamabwerera m'dilowa."

"Bwanji simunandipatse? Ine chotsala cha munthu ndimabweza."

"Mukanakasunga kuti, mayi?"

Anafuna kunena kuti akanakaika m'bokosi limodzi ndi mwini wake, m'thumba la suti. Ndi mmene akanachitiradi. Ndipo bwenzi lero kali pansi pa dothi, kopanda ntchito ngati kansalu ka alamu kopukutira oilo. Firiji ya pakona inkangolira.

"Kundiuza kokha," anatero potsiriza. "Pakamwa pokha."

"Zoona, mayi. Anayenera kukuuzani."

Sanayembekezere kuti avomera. Anatambasula fomu pa bondo, n'kulemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, mmene anaphunzirira ku pulayimale. Bolopeni inaboola pepala pa chilembo chomaliza.

"Mupale mosamala. Munthuyu wadulidwa mokwanira. Ndipo gawuniyo mubweretse, batani limenelo likundinyansa."

Kabatani anakapereka magazi Lolemba lotsatira. Zotsatira zinatenga milungu isanu ndi iwiri. Anakhalanso m'kachipinda ka mipando itatu kaja, fani ikuzungulira, ndipo dokotala asanatsegule n'komwe pakamwa, a Telala anaona mmene anagwirira envelopu.

Kabatani anatengera.

Dokotala analankhula zambiri. Kuunika miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Kuti kutengera si kudwala. Kuti azakhali ake anadziwa mochedwa, iyeyu wadziwa nthawi ilipo. Kabatani ankalemba zonse m'kope la ana a sukulu ya mkaka. Potuluka anati, "Basi, ndisiya kuopa nthiti yanga," n'kuseka pang'ono, kuseka kouma.

Pakhonde, a Telala anatenga choko chodindira nsalu n'kulemba pakhoma, pamwamba pa miyeso ya makasitomala, tsiku loyamba loti Kabatani akaunikidwe. Alamu anabwera kudzatenga thalauza lawo la chigamba chosafanana. Anawerenga pakhomapo, anaima nthawi yaitali thalauza lili m'khwapa.

"Alamu, kuchipinda kwa dokotalayo amalowera khomo liti?"

"La kumanzere. Mupite musanamwe."

Atachoka, a Telala anakhala pa makina n'kuika diresi ya kasitomala pansi pa singano. Anaponda mpaka kumapeto kwa mpendero. Potukula anapeza kuti ulusi unaduka kalekale, nsaluyo yangobooka timabowo mzere wonse. Ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, n'kuyamba kufunafuna diso la singano.