Anayeza Pamthunzi

Anzawo a ku ofesi ya misewu anawapatsa dzina loti a Sindidya, ndipo iwo ankalinyadira kuposa la makolo awo. Zaka makumi atatu akuyang'anira ntchito za makontilakitala, sanalandirepo envelopu, ngakhale botolo la chakumwa. Madzi ankanyamula awoawo m'kachigubu. Msewu wafumbi umene unkathiridwa phula chaka chimenecho unali wawo womaliza asanapume pantchito, ndipo ankafuna kuti zidzukulu zikamadzadutsapo zizidzati, "Uwu anasainira agogo."

Ntchito inkayenda chonchi. Dothi likathiridwa n'kuwazidwa madzi, rola, chimakina cha mgolo wachitsulo chija, inkayenera kudutsapo kasanu n'katatu kuti dothilo ligwirane. Kenako a Sindidya ankasankha okha malo, n'kukumba kadzenje, kuyeza dothi lake pasikelo, kudzaza kadzenjeko ndi mchenga, n'kuwerengetsa. Likalimba ankasaina, phula n'kubwera pamwamba. Likapanda kulimba, rola ibwereze.

Woyendetsa rolayo anali mlamu wawo, mwamuna wa mchemwali wawo wamng'ono, munthu wa mano panja nthawi zonse, wa ana asanu. Ntchitoyo anaipeza yekha. A Sindidya anakana kumunenera kwa kontilakitala, ndipo mchemwaliyo anawafufumira chaka chathunthu.

"Alamu, dazilo likundithobwa m'maso!" ankakuwa ali pamwamba pa rola. "Valani chisoti, ndingagwetsere makina a eni m'ngalande."

"Inu tsenderani dothi. Mutuwu ndi wanga."

Chisoti cha pantchito chinkawatulutsa nsungu. Kuyeza kamodzi kunkatenga pafupifupi ola, munthu ali chogwada, dzuwa likuswa mtengo. Ndiye mapazi awo, osawafunsa eni ake, ankawatengera pomwe pali mthunzi.

Mayeso onse anayenda bwino. Kontilakitala, yemwe anali atachedwa ndi miyezi iwiri, anapezeka wamaliza pa tsiku lake. Akuluakulu anadula riboni, m'manja munawombedwa, a Sindidya n'kupachika chisoti pamsomali kunyumba.

Mvula itagwa miyezi itatu, anakwera minibasi kukauona msewu wawo. Asanafike patali anayamba kuona zachilendo. Phula linali litatupa ngati khungu lopsa ndi moto, pena litasendeka, pena maenje oti mbuzi n'kumweramo.

"Amene anasainira msewu uno akudya bwino kumene aliko," anatero dalaivala akuzemba dzenje.

"Ine ndamva kuti wamanga nyumba yosanja," anayankha mayi wina atafukata dengu. "Kamimba kali uko!"

A Sindidya anayang'ana mimba yawo yophwa. Galimoto inkagubuduka, mano kugundana. Kenako mwadzidzidzi myaa, ngati pagalasi. Anasuzumira pazenera: mtengo wa mango. Kugubuduka kunayambiranso. Myaa kachiwiri: mtengo wa bulugamu. Anayamba kuwerenga ndi zala. Pofika kumapeto anali atapeza mitengo khumi ndi umodzi, ndipo uliwonse ankaudziwa, chifukwa anagwadapo pansi pake.

Mlamu wawo anamupeza pakhonde akumata chubu cha njinga.

"Munkadutsapo kangati?" anafunsa asanakhale n'komwe.

Mlamuyo sananamizire kusamva. "Pamtengo, kakhumi. Ndinkawonjezera, alamu, kukupatsani ulemu."

"Nanga pamtetete?"

"Katatu. Bwana anati tsiku latha, tithamange. Ndikanakana, mawa lake pampando paja pakanakhala wina."

"Ndani ankakuuzani kumene ndikayeze?"

Mlamuyo anayamba kuseka, koma ataona nkhope yawo anameza. "Dzuwa, alamu. Sabata yoyamba tonse tinali titadziwa, mpaka wowaza madzi. Bwana anati, 'Mdala uyu envelopu sadya, koma mthunzi amadya.'"

Mchemwali wawo, yemwe ankamvetsera ali pakhomo, anabwera ndi kapu ya madzi n'kugwada.

"Achimwene, akakakufunsani ku ofesi musakamutchule. Bwana uja ali ndi maloya, uyu ali ndi ife basi. Ntchito simunamupezere. Musamuchotsetsenso."

Madziwo sanamwe.

Kalata yowaitana inafika patapita sabata ziwiri. M'chipinda cha misonkhano munali anthu atatu ndi mulu wa mapepala, lililonse lili ndi siginecha yawo yopendekera ija. Wapakati anali injiniya wachinyamata, yemwe a Sindidya anamuphunzitsa okha kugwira sikelo.

"Bambo, tisatayitsane nthawi," anatero mnyamatayo, maso ali pamapepala. "Manambala anu onse ndi abwino, msewu ndi wowola. Anakupatsani zingati?"

Zoona zinali pamlomo. Akanati: sindinadye, anandiwerenga mapazi. Koma pamenepo mlamu akanachotsedwa ntchito, ana asanu n'kugona ndi njala. Ndipo panali china chowawa kuposa icho, chimene chinkawadya chibwerere kwa mlamu wawo: ngati anyamata a pamsewu aja anawadziwa m'sabata imodzi, nanga makontilakitala a zaka makumi atatu aja? Mwina n'chifukwa chake ankawakonda chotero, kuwagwira chanza ndi manja awiri, osawavutitsa ndi envelopu. Wakuba amagulidwa ndi kanthu. Iwo ankapita ulere.

"Lembani zimene mukufuna," anatero.

Mnyamatayo anausa moyo n'kulemba.

Panja kunali masana, dzuwa lili paliwombo. Mlonda wa pageti, yemwe nkhani inali itamufika kale, anawakodola ali pansi pa mtengo.

"A Ndadya! Basi ichedwa. Bwerani mudikirire pamthunzi pano, dazi lingapse."

A Sindidya anaima pomwepo m'mphepete mwa msewu, thukuta likutsikira m'khosi, mpaka basi inabwera.